Mpando wa Pamwamba pa Injini

Mvula yoyamba isanagwe, Greyson anamva kuti kuseri kwa mapiri a Mchinji kuli mudzi umene unatsala ndi mtedza wambewu wosagulitsa, poti mavenda ankaopa msewu wake. Anaganiza zokautenga pa kaminibasi kake, nkhalamba ya galimoto imene inayenda mpaka manambala a mtunda anatopa n'kuima okha. Ulendo wotere sakanapita popanda Keziya, makaniko wa pa boda, yemwe ankadziwa matenda onse a galimotoyo. Ivy, mkazi wa Greyson, atangomva dzina limenelo anamanga chitenje.

"Nanenso ndikupita, bambo a Tamandani."

"Kutchire kuja? Mukakatani?"

"Ndikasankha mtedza. Inu mumagula ndi wofumbwa womwe."

Za mtedzazo linali bodza lankunkhuniza. Ivy anali ndi nsanje, ndipo inkamudya ngati chiswe. Keziya anali mbeta, woseka mokweza, ndipo ankaitana Greyson kuti achimwene pomwe panalibe chibale ngakhale cha nkhuku. Pakhomo nkhani inali imodzimodzi: Keziya akuti, Keziya akuti. Ivy ankaona banja lake likusefukira ku galaja pang'onopang'ono, ndiye analumbira kuti awiriwo sakhalanso okha.

M'mawa wa ulendo galimoto inakana kulira. Greyson akapotokola kiyi, kankangomveka kaphokoso kakuti ke, basi.

"Injini yafa?" anafunsa Ivy, ndi kachiyembekezo mumtima.

"Ayi, mayi a Tamandani," anatero Keziya. "Ikamati ke osatembenuza, yambani mwaona batire." Anapeza mitu ya batireyo itachita ufa woyera. Anaitsuka ndi madzi otentha, n'kuipala ndi mpeni, n'kumanga ndi sipanala. Injini inatsokomola kawiri, kenaka inadzuka.

"Manja amenewa ndi amankhwala," anatero Greyson akuseka. Ivy anayesa kukumbuka tsiku limene manja ake anayamikiridwapo chotero, koma sanalipeze.

Tsono galimotoyi inali ndi mwambo wake. Injini inali pansi pa mpando wakutsogolo, ndipo geji yosonyeza kutentha inafa kalekale. Pa ulendo wautali Keziya ndiye ankakhala pampandopo, kumamvetsera ndi thupi lake. Koma tsikuli anapeza Ivy atakhalapo kale, kachikwama pamiyendo.

"Mayi, pamenepo si panu," anatero Greyson mofatsa. "Ndiye kuti, mpa Keziya. Mpantchito."

"Kodi mkazi wapakhomo ndi uti pano?"

Keziya sanalimbane nazo. "Khalani, mayi. Koma mukamva mpando ukutentha kuposa dzuwa, kapena kafungo kotsekemera, munene msanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anakwera kumbuyo n'kukhala pamasaka opanda kanthu.

Anasiya tala, nalowa msewu wafumbi, kenaka kanjira kangolo kolowa m'nkhalango. Pachitunda choyamba galimoto inayamba kudukiza, kuthamanga n'kufooka, kuthamanga n'kufooka.

"Mapulagi," anatero Greyson.

"Akanakhala mapulagi ikananjenjemera ngakhale titaima. Iyi ikufooka mukaponda basi. Ikumva ludzu, sefa ya petulo yatsekeka."

Anatsitsa Ivy kuti atukule mpando. Ivy anaima padzuwa, ntchentche zikumuzungulira, akuona mitu iwiri itagundana pamwamba pa injini. Keziya anachotsa sefa, anaiuzira ndi pakamwa, dothi lofiira linatuluka, ndipo analavula petulo akuseka. Greyson anamupatsa kansalu kake ka m'thumba kuti apukutire milomo. Kansaluko anachapa ndi Ivy, n'kusita yekha ndi simbi yamakala.

"Mwina tsopano mukhale kumbuyo," anatero Greyson. "Kutsogoloku kuli zitunda zoipa."

Ivy anakhalanso pampando uja, n'kumenyetsa chitseko.

Dzuwa litafika paliwombo anali pakati pa mapiri. Udzu unali wouma, wotalika kuposa munthu, ndipo chakumadzulo kunkafuka utsi wa anthu osaka mbewa. Anyani anadutsa kanjirako osafulumira n'komwe. Greyson anaika giya yoyamba, galimoto ikulira, miyala ikuthawa pansi pa matayala.

Apa m'pamene Ivy anamva kutentha. Kunayambira m'ntchafu, kenaka kunakwera kumsana. Kafungo kotsekemera kanamufika m'mphuno, ngati shuga wopserera. Anadziwa bwinobwino, sikuti sanadziwe ayi. Koma akanena, amutsitsanso, mitu ija igundananso, ndipo Keziya akhala pamenepo mpaka kubwerera, iye ali kumbuyo ndi masaka ngati waganyu. Anapinda chitenje china n'kukhalira.

"Mayi, pali bwanji pamenepo?" anafunsa Keziya. "Ndikumva kulira kwina, ngati mtedza m'chitini."

"Pali bwino."

"Sipakutentha?"

"Ndati pali bwino. Kapena mukufuna mudzandigwire?"

Anayenda pang'ono, kenaka pansi panaphulika. Nthunzi inadzaza m'galimoto, injini inagogoda n'kuzima. Keziya anakankha Ivy panja, n'kutukula mpando. Paipi ya rediyeta imene inkadontha kuyambira kumunsi kuja inali itang'ambika, ndipo madzi otsala anamuthira Keziyayo pamkono. Sanalire, anangoluma mano.

Analibe mpata womudandaula, chifukwa mphepo inali itatembenuka. Moto uja unkabwera m'chigwa, ukuthetheka, akabawi akuuzungulira pamwamba.

"Tithawe," anatero Ivy.

"Moto wa udzu suthawika pachitunda," anayankha Greyson. "Thyolani nthambi zaziwisi. Titenthe tokha pozungulira galimoto, ukafika upeze phulusa."

Anayatsa udzu, n'kumauzima ndi nthambi za msuku ukayandikira matayala. Keziya ankamenya ndi dzanja limodzi. Njoka inatuluka m'udzu n'kudutsa pa phazi la Ivy, iye osaiona n'komwe chifukwa cha utsi. Lupsa litafika anagona chafufumimba pamalo opserera, zitenje kumutu, kutentha kukuwadutsa pamsana. Atadzuka, phiri lonse linali lakuda, koma galimoto inali chiimire, utoto wokha utatukusira mbali imodzi.

Injini itazizira, Keziya anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali wotuwa ngati tiyi wamkaka.

"Madzi alowa mu oyilo," anatero. "Gasiketi yapsa, mwinanso mutu wa injini wapindika. Paipi yokha tikanamanga ndi mphira, n'kuthira madzi, bwenzi pano tikupakira mtedza. Izi sizapathengo."

Greyson anaika dzanja pampando uja, n'kulichotsa msanga, poti unali ukadali wotentha. Anaona chitenje chopindidwa chija. Anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

"Simunamve, mayi a Tamandani?"

Ivy anayang'ana pansi, pamapazi ake akuda ndi phulusa.

"Musawafunse, achimwene," anatero Keziya. "Sanazolowere. Cholakwa n'changa, ndinawasiyira ntchito yosaidziwa."

Zimenezi ndiye zinamupweteka Ivy kuposa mbama. Akanamutukwana, bwenzi atapeza pogwira. Koma kumukhululukira pamaso pa mwamuna wake, mkono uli matuza okhaokha! Anamuda Keziya kuposa kale, ndipo anadzida yekha kuposa pamenepo.

Greyson anang'amba malaya ake n'kumanga mkonowo mosamala, akuuzira ndi pakamwa. Madzi akumwa anali atathera pamoto. Onse atatu anatsika phiri wapansi, kukhosi kuli gwa, akutola masuku osapsa bwino, mpaka anafika pa esiteti ina ya fodya. Kumeneko tenanti wina, bambo Yohane, anawapatsa madzi ndi chinangwa, ndipo mawa lake anakoka galimotoyo ndi ng'ombe zake mpaka pamsewu. Mtedza uja anadzagula ndi ena.

Anafika kwawo akukokedwa ndi lole, opanda thumba ngakhale limodzi. Galimoto anaiimika pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira. Greyson sanakalipe, sanakanene kwa ankhoswe, sanafunsenso kachiwiri. Anangosiya kutchula dzina la Keziya pakhomo, ndipo Ivy, amene kale ankadana ndi dzinalo, tsopano ankaopa chete ameneyo.

Mutu wa injini yakale chotero sunkapezeka pa boda. Anthu anati mwina ku Chipata, m'magalaja a zophwasula, koma pofunika kufufuza ndithu. Keziya anali ndi njinga yamoto, koma mkono unali usanapole woti n'kuyendetsa.

Lolemba m'mawa Greyson anailiza njingayo pabwalo. Keziya anakwera kumbuyo, n'kumugwira m'chiuno ndi dzanja labwino lija. Ivy anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja.

"Nanenso ndi..."

"Njinga imakwera awiri, mayi," anatero Greyson, osakweza mawu. "Tikapanda kuupeza lero, tipitanso mawa."