Nsanja za Hosea

Hosea ankawotcherera zitsulo pa boma la Chama. Ankakonza zitseko, mawilibala ndi njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo tsiku labwino ankabwera kunyumba ndi tinsomba ta kapenta tokwana mbale imodzi. Mkazi wake Damaris, amene anali mayi anga ine Daliso, ankalima chimanga ku Tembwe kuti banja lidye.

Ntchito yake ankaidziwa. Mapaipi atsopano a ku Lusaka anali odula, ndiye ankagula otsala, amene anagwira kale ntchito kumigodi ya ku Kopala kapena kunyamula mafuta. Otsala si onse oipa. Hosea ankagogoda paipi iliyonse ndi hamala, khutu lili pafupi. Yolimba inkalira ngati belu. Yodyeka ndi dzimbiri mkati inkangoti phu, ndipo ankaibweza. Chifukwa chobweza zambiri ankachedwa, motero ntchito zomanga nsanja za mathanki a madzi zinkapita kwa Bornwell, mnzake wakale amene tsopano anali ndi galimoto. Bornwell akadutsa, Hosea ankaima kuyang'ana mpaka fumbi litatha.

Tsiku lina anapalasa njinga kupita ku Chikwa kwa Jeremiah, telala wosoka pakhonde. Anthu ankadziwa kuti kusoka sinali ntchito yake yokha.

"Ba Hosea, chang'ambika ndi chiyani?" anafunsa Jeremiah, mwendo uli pamakina.

"Ndatopa, mdala. Ndikufuna ntchito zizindifunafuna."

"Zosavuta. Manje mverani. Paipi yatsopano musagule, mulibe kanthu mkati. Muzigula zotsala, koma osagogoda."

"Nanga yowola ndiidziwa bwanji?"

"Muidziwe kuti mutani? Mmenemo muzikhala alendo anga, sakonda phokoso." Jeremiah anadula ulusi ndi mano. "Komanso sagona pachitsulo chozizira. M'mwendo uliwonse wa nsanja muziikamo kachidutswa ka chitenje cha akazi anu, n'kutseka ndi moto."

"Chitenje chabe?"

"Ndine telala, ba Hosea. Ndimangopempha nsalu."

Hosea anavomera.

Ntchito zinabweradi. Masukulu, zipatala zazing'ono, mipingo, onse ankafuna nsanja za Hosea chifukwa ankamanga msanga ndiponso motchipa. Paipi ikatsika mulole, ankangoipaka penti yabuluu. Anagula galimoto yoposa ya Bornwell. Achibale amene kale sankamupatsa moni anayamba kufika nthawi ya chakudya.

Damaris anayamba kupeza zitenje zake zitadulidwa m'mphepete.

"Atate a Daliso, makoswe a m'nyumba muno ali ndi sizasi?" anafunsa akuseka.

"Ndikugulira zina," anayankha Hosea, ndipo anagula zambiri.

Fridah, mlongo wa Hosea, anamuona akudula. Sananene kanthu. Mwezi umenewo nyumba ya Fridah inafoleredwa ndi malata.

Kenaka Damaris anayamba kumva kuzizira. M'mwezi wa Okutobala, pamene chigwa chonse chimapsa ndipo mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, iye ankafunda bulangeti n'kukhala padzuwa. Kuchipatala sanapeze matenda. Nsanja iliyonse ikaima, thupi lake linkachepa. Kumunda analeka. Kuseka analekanso.

Hosea anabwerera ku Chikwa.

"Mdala, mkazi wanga akutha."

"Lekani kumanga, achira."

Hosea anati, "Ndalonjeza kale anthu ambiri. Chaka chino chokha."

"Nanga mwadzafunsa chiyani?" anatero Jeremiah, n'kupitiriza kusoka yunifolomu.

Atabwerako anamanga nsanja yaitali pakhomo pake, kuti Damaris asamapite kumjigo. Anthu a kutchalitchi anamuyamika kuti ndi mwamuna wosamala. Miyendo ya nsanjayo anaitseka monga ya zinazo.

Linali Lachiwiri masana, kopanda mphepo. Damaris anali atakhala pampasa pambali pa nsanjayo, akuwotha dzuwa. Mwendo umodzi unapindika pakati ngati phesi la chimanga, ndipo thanki lodzaza madzi linamugwera. Damaris sanakuwe. Madzi anayenderera mpaka kumsewu, nkhuku n'kumamwa.

Paipi inathyoka pawiri. Aliyense amene anabwera anaona mkati mwake: chitsulo chopyapyala ngati chitini cha zakumwa, dzimbiri lofiira, ndi kansalu kamaluwa achikasu. Amayi ena anakazindikira. Anayang'anana, n'kupita kukatunga madzi a pamaliro.

Pamaliro panali nyama. Abusa analalikira za nthawi ya Mulungu. Fridah analira kuposa onse, ndipo tsiku lotsatira anatenga zitenje zotsala. Amalume ake a Hosea anagulitsa mapaipi amene anali pabwalo kwa womanga wina.

Hosea akadali moyo, koma mutu unasokonekera. Amakhala kuseri kwa msika, sadziwa dzina la munthu aliyense, ngakhale lake. Jeremiah akusokabe. Nsanja zabuluu zija zikadali chiimire m'masukulu, ndipo ana amadyera pansi pake nthawi yopuma chifukwa pali mthunzi. Palibe amene watsitsa ngakhale imodzi. Akuti kugula zatsopano n'kodula.

Chuma cha mankhwala sichidya amene anachifuna. Chimayamba ndi munthu wosalakwa amene ali naye pafupi. Dyera silinali la Hosea yekha. Linali la aliyense amene anaona, nadya, nakhala chete, ndipo anthu amenewa mumapemphera nawo Lamlungu lililonse.