Ndani Atwike Nilza?

Nilza amakhala ku Ntengo-Wambalame. Mmawa uliwonse amatunga madzi pamjigo. Akatero, amathamangira ku shikola kukaphunzira. Wochedwa ku shikola amasesa bwalo lonse. Nilza amadana ndi kusesa.

Ndowa ya Nilza ndi yaikulu. Ikadzaza, sangainyamule yekha. Pamafunika wina womutwika pamutu.

Lolemba, pamjigo panali mtsikana wachilendo. Dzina lake anali Yolanda. Anali atangobwera kuchokera ku Furancungo. Sanali m'bale wa Nilza. Sanalinso mnzake.

Yolanda anapempha kuti amutwike. Nilza anamutwika. Yolanda anatembenuka. Anapita osacheuka.

Nilza anatsala yekha ndi ndowa yake. Anayesa kuinyamula. Madzi anatayikira pa malaya. Anachedwa ku shikola. Anasesa bwalo lonse.

Nilza anakwiya. Anakwiya posesa. Anakwiya pakudya. Anakwiya ngakhale potsuka mbale.

Lachiwiri, Yolanda anapemphanso.

"Zimene unandichita dzulo, ndikuchita lero," anatero Nilza.

Mayi wina wodutsa anatwika Nilza. Nilza anapita osacheuka. Tsiku limenelo amene anasesa anali Yolanda.

Lachitatu, anakumananso awiriwiri. Akuluakulu onse anali kumunda, kukumba kachewere. Ndowa ziwiri zinadzaza. Ndowa ziwiri zinakhala pansi.

Nilza anapinda manja. Yolanda nayenso anapinda manja. Nilza anayang'ana kumapiri. Yolanda anayang'ana mbuzi. Mbuzi inabwera n'kumwa m'ndowa ya Nilza.

Nilza anakwiya kwambiri. Anati Yolanda ndi wothawa. Yolanda anati Nilza ndi wouma mtima. Nilza anati sadzamutwikanso mpaka kalekale.

"Nanga ndikanatani?" anatero Yolanda. "Ndowa inali kale pamutu. Ndikawerama, madzi amatayika. Kwathu amene anali kunditwika ndi achemwali. Iwo sankafuna wowatwika."

Nilza anayang'ana ndowa ziwirizo. Anali akadali wokwiya. Koma anayamba kuganiza. Woyamba amatwikidwa ndi wachiwiri. Nanga wachiwiri amatwikidwa ndi ndani?

Nilza ankadziwa yankho. Ana onse apamjigo ankalidziwa. Yolanda yekha ndiye sankalidziwa.

"Suwerama, iwe," anatero Nilza. "Umapinda maondo. Khosi lili chilili. Dzanja lina pandowa yako. Dzanja lina pandowa yanga."

Yolanda anafunsa amene ayambe kutwikidwa. Nilza anawerenga ndi zala. Lolemba anasesa iye. Lachiwiri anasesa Yolanda. Anati zakwanira, ayambirenso.

Nilza anatsuka ndowa yake n'kutunganso. Kenako anatwika Yolanda.

"Ukathawa, mawa undiona," anatero.

Yolanda sanathawe. Anapinda maondo. Madzi pang'ono anadonthera m'khosi. Anakweza, Nilza nayenso anakweza. Ndowa inafika pamutu.

Anayenda limodzi. Yolanda anali patsogolo. Nilza anali pambuyo, kumuyang'anitsitsa.

Tsiku limenelo sanachedwe. Tsache linakhala pakhoma.

Madzulo anakatunganso. Anadutsira kwa Nilza. Amayi a Nilza anatuluka. Anamutula mwana wawo. Anamutulanso Yolanda kuti apume. Anawapatsa kachewere wootcha.

Amayi anafunsa ngati mtsikanayo anali m'bale wawo wakutali.

"Si m'bale wathu, amama," anatero Nilza. "Ndi wonditwika."

"Nanga iweyo ndiwe ndani wake?"

Nilza ananyema kachewere wake pakati.

"Womutwika," anatero.