Madontho Atatu a Pensulo Yofiira

Pa yunivesite ankamutcha Kadzidzi, poti mtsikanayu tulo analibe nato ntchito. Ankayeza liwiro la nyenyezi zozungulira mlalang'amba. Nyenyezi za m'mphepete zimathamanga mopitirira muyeso, ndiye akatswiri amati pali chinthu chosaoneka chimene chakuta mlalang'ambawo n'kumazikoka. Kadzidzi anawerengetsera mmene chinthucho chilili, ndipo mzere umene anajambula pagalafu unagwirizana ndi miyeso yonse kupatula madontho atatu. Digiri inali pamphuno. Lolemba madzulo anawafufuta pa kompyuta mwakachetechete.

Kutacha anapeza madontho aja abwerera. Anafufutanso, anabwereranso. Tsiku lachitatu, papepala la patebulo pake madonthowo anali atazunguliridwa ndi pensulo yofiira.

Anayamba kukayikira Chimutu, mnzake wa tebulo loyandikana, wamaso osakhazikika.

"Iwe, ndinakulakwira chiyani?"

"Ine pasiwedi yako ndiidziwa bwanji?" anatero Chimutu. "Komanso pensulo yofiira muno ankagwiritsa ntchito ndani?"

Anali malemu pulofesa, amene anayeza madonthowo asanamwalire. Iwo akazungulira chinthu ndi pensuloyo, aliyense ankadziwa tanthauzo: bwera udzandifotokozere. Koma Kadzidzi anangoti ndi njiru za Chimutu basi.

Usiku umenewo anafufutanso. Anakiya chitseko cha ofesi, n'kuthimitsa magetsi, n'kubisala kuseri kwa kabati. Wakuba agwidwa lero.

Kunali zii. Chitseko sichinatseguke.

Mpando wa malemu unayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Pampandopo panalibe munthu. Mapepala a m'mphepete mwa tebulo anayamba kukhukhuluzika kulowera komweko. Makiyi m'manja mwake anamva akukokedwa. Mantha anamugwira.

Kompyuta inayaka yokha. Kenako pensulo papepala, kwee. Kwee. Kwee. Mpando uja unatembenukira kukabati. Pensulo inaliranso kachinayi.

Mlonda anamupeza m'mbandakucha ali khuma pansi.

"Bambo, simunaone munthu akulowa?"

"Ayi, mayi. Koma si inu nomwe mumatiuza kuti chosaoneka chimadziwika ndi zimene chikukoka?"

Kadzidzi anatola pepala lija. Madontho atatu aja anali atazunguliridwanso. Pamwamba pa tsambalo, dzina lake nalonso linali litazunguliridwa ndi pensulo yofiira.