Nsapato za pa Thanthwe

M'mawa wachitatu chimangireni tenti m'mbali mwa mtsinje, Burul anatuluka kukasonkha moto n'kupeza pakhomo patatsala nsapato yake imodzi yokha.

Malowo anali osauka: mafuwa, chimbudzi chamatabwa, basi. Mlatho wa mitengo iwiri umene anaolokerapo unali utapita ndi madzi dzulo lake. Galimoto inali kutsidya, akungoiona ndi maso, ndipo foni sinkagwira. Anabwera kuno chifukwa cha liuma la apongozi ake, a Toktosun, amene anafuna kuonanso busa limene ankadyetsako nkhosa ndi malemu akazi awo. Miyendo ya mkuluyo inali itatha, mtima unkayendera mapilitsi, ndipo m'botolo munatsala atatu.

Nsapato ija anaipeza masana, pathanthwe lalitali kumtunda kwa tenti, itaikidwa bwinobwino pakati.

"Ndi nkhandwe imeneyo," anatero mwamuna wake, Ermek.

"Nkhandwe yake yaulemu bwanji, mpaka kumanga zingwe?" anayankha Burul.

Palibe anaseka. Mbusa wina amene anakumana naye pobwera anali atawauza kuti abusa masiku ano sagona pamenepa, koma atamufunsa chifukwa anangomenya kavalo wake n'kumapita.

Usiku wotsatira mtsinje unalira ngati chigayo, ukugubuduza miyala pansi pa madzi. Mkati mwa phokosolo Burul anamva zina. Munthu ankayenda pamiyala ing'onoing'ono kuseri kwa tenti, phazi limodzi kuponda, linalo kukwekwesa. Anafika pakhomo, anaima nthawi yaitali, kenaka anayamba kukwera phiri.

"Ermek, mwamva?" ananong'ona Burul.

Amene anayankha mumdimamo anali apongozi ake. "Gona, mwana wanga. Mayendedwe amenewo ndikuwadziwa."

Kutacha inasowa nsapato ya Ermek, ndipo anaipeza pathanthwe pomwe paja. Ermek anatsika nayo nkhope ili gwa.

"Bambo, mukudziwa chiyani inu?"

Mkuluyo anameza pilitsi lake ndi tiyi wamkaka, osafulumira. "Mayi ako anathyoka mwendo pabusa lino, iwe usanabadwe. Sunaone mmene ankayendera?"

"Mayi tinawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo!"

"Nanga ine ndakana?" Anayang'ana nsapato zawo zakale, zokutha m'zidendene, n'kumwetulira. "Akutola za ana ake. Tione ngati atole zangazi."

Usiku wachisanu Ermek ndi Burul anakhala tsonga, tochi ili m'manja. Mapazi aja anabwera. Anaima pakhomo, anakhalitsa kuposa kale, n'kubwerera. Ermek ataunika anapeza nsapato za bambo ake zili pomwepo, zonse ziwiri.

Ndiye mtsinje unangoti zii.

Bata lake linali loboola m'makutu. Ermek anathamangira kugombe, ndipo tochi inamuonetsa miyala yonyowa ndi kamadzi kosafika m'mawondo.

"Madzi aphwa! Burul, longedza! Tioloke pompano, mawa bambo ali kuchipatala!"

"Chitsiru iwe," anatero a Toktosun ndi mawu olemera. "Mtsinje wa m'phiri suphwa ngati ketulo. Phiri lagumuka kumtunda, latseka madzi. Akaphulika sasiya kanthu. Thawirani pathanthwe, ine ndisiyeni."

Ermek anayang'ana kutsidya, kumene galasi la galimoto linkanyezimira pafupi zedi. Mtima unamuwawa. Anagwada, n'kuwabereka bambo ake kumsana osawaveka nsapato, iwo akumutukwana.

Njira ankaidziwa, poti nsapato zinali zitawaphunzitsa. Burul anatsogola, miyala ikumuchekacheka m'manja. Ermek ankapuma mwabefu, ndipo mkulu uja anasiya kutukwana, anangotsamiritsa mutu paphewa la mwana wake. Atangofika pathanthwe nthaka inanjenjemera. Kunabwera mphepo yonunkha matope, kenaka mkokomo umene unawagwetsa pansi. Tochi inaonetsa mitengo yathunthu ikudutsa pamene panali tenti. Galimoto sanaionenso.

"Tapulumuka, Bambo," anatero Ermek, akuwatsitsa pang'onopang'ono. "Bambo?"

Burul anawagwira pakhosi, kenaka pachifuwa. Anavula mpango wake n'kuwaphimba kumaso. Botolo linali m'thumba la jekete lawo, muli pilitsi limodzi.

Anakhala pamenepo awiriwo, maliro ali pakati pawo, kumbuyo phiri, kutsogolo madzi. Ermek ankalira ngati mwana, akuti akanaoloka mwina akanawapulumutsa. Burul sanamutsutse, ngakhale ankadziwa kuti akanafera pakati pa mtsinje onse atatu.

Kutatsala pang'ono kucha, mkokomo utachepa, Burul anamugwira dzanja mwamphamvu.

Pansi pa thanthwe panamveka mapazi, akutsika kulowera kubusa. Phazi limodzi kuponda, linalo kukwekwesa. Pambali pake pankamveka mapazi ena, opepuka, opanda nsapato.