Munthu wa M'chigafa cha a Lackson

Chithunzicho chinali cha chigafa cha fodya chabe, koma chitatuluka pa kompyuta munali munthu.

Tiyanjane, mphunzitsi wa sitandade sikisi pa sukulu ina ku Mitundu, anali atangogula kamera yogwirapo kale ntchito. Akaweruka ankapita kwa Efulemu, wojambula zithunzi pamsika, kuti akamuphunzitse. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kuwala. Akajambula nyumba dzuwa likulowa, thambo linkaoneka bwino koma pakhomo pamangoti bii. Akati atulutse khomolo, thambo linkayera ngati pepala.

"Pali njira yake, amati HDR," Efulemu anamuuza. "Muimike kamera pa miyendo yake itatu, isagwedezeke. Mujambule malo omwewo katatu: chithunzi china chakuda, china chapakatikati, china chowala kwambiri. Kompyuta iziphatikiza, ndiye za padzuwa ndi za mumdima zionekera pamodzi. Koma chinthu chikasuntha musanamalize, chimatuluka ngati utsi."

Loweruka lotsatira Tiyanjane anapita kwawo ku Nathenje kukayesera. Munali mu Marichi, fodya ali m'zigafa. Anadabwa kupeza kuti bambo ake, a Lackson, atchinga chigafa chawo ndi udzu mbali zonse, n'kungosiya kakhomo kamodzi. Dzuwa linali kufiira kuseri kwa denga, m'katimo muli mdima wa ndiweyani. Anaona kuti malo oyesera ndi amenewa.

"Usalowemo," bambo ake anatero mwachangu. "Ungayoyole masamba."

Iye anajambula katatu ali panja, n'kulongedza.

Lolemba, Efulemu ataphatikiza zithunzizo, onse awiri anasendera pafupi ndi kompyuta. Thambo linatuluka lokongola, ndipo mdima wa pakhomo uja unatseguka. Kunsi kwa masamba olendewera pa mikangala, pakona, panali munthu wonyonyomala atafunda chitenje chamaluwa achikasu. Anali ndi mitu iwiri, wina wowerama, wina woyang'ana kukhomo, ndipo udzu wa khoma unkaonekera kudutsa pachifuwa pake. Pamene payenera kukhala pakamwa panali chinthu chotupa, chokhota.

"Mitu iwiriyo isakuopseni, wangosuntha," Efulemu ananong'ona. "Koma aphunzitsi, chinthu kuti chisunthe ndiye kuti chinalipo."

Kumbuyo kwawo kunali mayi wina amene ankadikira zithunzi za ukwati. Palibe anamuona akutukula foni yake n'kujambula chithunzicho.

Pofika Lachitatu chithunzicho chinali m'mafoni a anthu kuyambira pamsika wa Mitundu mpaka pa siteji ya Nathenje. Ena ankati n'chifukwa chake fodya wa a Lackson sapserera ngakhale mvula idule. Ena ankati amasunga ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azilimira mwini wake. Wina analumbira kuti podutsa kuseri kwa chigafacho anamva kubuula kopanda mawu.

Tiyanjane sankakhazikika. M'kalasi ankalemba pabolodi n'kuiwala pamene walekezera. Ataimbira mayi ake, a Sophie, iwo anayankha motsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera.

"Mwanawe, pano sipali bwino. Ndikasiya phala m'poto likumachepa. Bulangeti lakale lija lasowa. Bambo ako sakudya, angoti ndikaone fodya, n'kukakhalitsa komweko. Ndipo galu uja kukayamba kuda akumangouwa cha kuchimanga."

Lachisanu madzulo anakwera njinga yamoto kubwerera kumudzi. Anapeza bambo ake ali pakhonde, mpini wa khasu uli pamiyendo.

"Bambo, m'chigafamo muli ndani?"

"Chinthu chakocho chatipalamulira," anayankha akuloza kamera, osamuyang'ana. "Kachisungire m'nyumba."

Sanakachisunge. Anapita patali pang'ono, pafupi ndi khola, naimika kamera kuti itenge chigafa pamodzi ndi munda wa chimanga umene unali kuseri kwake. Kunja kunali kutayamba kuda. Achule anayamba kulira kudambo, kenaka nkhululu. Mphepo kunalibe, komabe m'chigafamo masamba ouma anati tswatswatswa, n'kuleka, n'kuyambanso, ngati munthu akutembenuka pang'onopang'ono kuopa kumveka. Kenaka kunamveka mawu otsika, ochokera m'mphuno, ngati a ng'ombe yodwala. Tiyanjane anadinabe kamera katatu.

Anayang'ana chithunzi chowala kwambiri chija pa kagalasi ka kamera. Pakhomo pa chigafa panalibe kanthu. Koma m'mphepete mwa chimanga, pamene maso ake ankangoona mdima, panaima mwamuna wovala jekete ndi kapusi yophimba nkhope. Ameneyu sanali ngati utsi. Anaoneka bwinobwino, ataima nji, nkhope italoza kuchigafa.

Tiyanjane atadzutsa mutu, mapesi atatu okha ndi amene ankagwedezeka.

Anathamangira kwa bambo ake n'kuwaonetsa. Iwo anayang'anitsitsa, kenaka ananyamula mpando wawo n'kukauika pakhomo penipeni pa chigafa. Mpaka kunacha ali pomwepo.

Loweruka dzuwa litapendeka, anthu anabwera. Anayamba kuima patalipatali m'timagulu, kenaka anasendera. Ena anali ndi miyala m'manja, ndipo mwamuna wina ananyamula botolo la petulo.

"Tulutsani chimene mwasungacho, a Lackson!"

"Ana athu asamayende mwamantha chifukwa cha fodya wanu!"

A Lackson anaimirira, natambasula manja kutseka khomo. "Muyambe mwawotcha ine."

A Sophie anali kulira pakhonde. Fungo la petulo linafika pamene panali Tiyanjane, ndipo iye anagwada pamaso pa bambo ake.

"Bambo, udzuwu ndi wouma. Akayatsa, amene ali m'katiyo apsera momwemo. Ndiloleni ndilowe ndine."

Nkhalambayo inamuyang'ana, kenaka inatsitsa dzanja limodzi.

M'katimo munali fungo la fodya losakanikirana ndi la mankhwala opaka pabala. Tiyanjane anayatsa tochi ya foni, nawerama kudutsa kunsi kwa masamba amene ankamukhudza pakhosi ngati zala. Pakona panali mkeka, bulangeti ndi kapu yokhala ndi kabango koyamwira phala. Munthu wa chitenje chachikasu uja anadzipanikiza kukhoma, ataphimba nkhope.

"Musaope," Tiyanjane ananong'ona. "Ndine Tiyanjane."

Chitenje chinatsika pang'onopang'ono. Chibwano chinali chomangidwa ndi nsanza, tsaya litatupa mpaka kutseka diso limodzi. Diso linalo analidziwa. Anali Jenipher, mng'ono wake, amene anakwatiwa cha ku Kamphata ndipo aliyense ankayesa kuti ali kubanja kwake.

Atatuluka naye atamukoleka dzanja paphewa, anthu anabwerera m'mbuyo. Mwala umodzi unagwa pansi, kenaka ina. Mayi wina anafuula, "Si Jenipher uyu?"

"Ndi mwana wanga," a Lackson anatero, mawu akusasa. "Wafika kuno masabata awiri apitawo, akukwawa. Mwamuna wake, Esau, anamuthyola chibwano ndi chitsulo, n'kumuuza kuti akathawa adzamumaliza. Ndikati tipite kuchipatala ku Nkhoma amandigwira mwendo, chifukwa Esauyo amanyamula anthu pa njinga yamoto pa msewu womwewo. Ndimadikira kuti atope kumufunafuna."

A Sophie anadzigwetsa pafumbi. "Mwana wangawanga, kundibisira ine? Chifukwa chiyani, bambo a Tiya?"

"Kawiri konse anathawira kuno. Kawiri konse unamubweza, uli banja ndi kupirira."

Wa petulo uja anabisa botolo lake kumbuyo n'kuzemba. Tiyanjane anayang'ana chitenje chachikasu chija, nazindikira kuti Esau naye anachiona pa foni, ndipo anachidziwa. Mwamuna wa m'chimanga uja anali iyeyo, ndipo amene anamuonetsa njira anali Tiyanjane mwini ndi kamera yake.

Madzulo omwewo m'busa wa mpingo wawo anabwera ndi galimoto, ndipo amuna anayi anakwera kumbuyo kuperekeza mpaka ku Nkhoma. Apolisi atapita ku Kamphata m'mawa mwake anapeza nyumba ya Esau yokhoma, njinga palibe. Mpaka lero sanamupeze.

Jenipher atatuluka m'chipatala anakakhala ndi mkulu wake ku Mitundu, m'nyumba ya aphunzitsi yoyang'anana ndi msewu. Anayamba kulankhula pang'onopang'ono, mano atalumana. Ankasoka, ankaphika, tsiku lina anaseka.

Patapita mwezi, dzuwa litangolowa, Tiyanjane akuchonga makope pa tebulo, njinga yamoto inabwera kuchokera kumsika. Inachepetsa liwiro, n'kuima cha kumpanda wa sukulu. Injini inazima. Palibe anatsika, palibe anaitana. Njinga zimaima pamenepo tsiku lililonse, ndipo Tiyanjane sanasamale, mpaka ataona kuti singano ya mng'ono wake yaima m'malere.

"Achemwali," Jenipher ananong'ona, osatembenuka, "zimitsani nyale."