Hatchi Yaima Pakati pa Mtsinje

Lou Zhenhai anatuluka m'holo anthu onse atapita kale, poti munthu wotchuka satuluka limodzi ndi chigulu. Anakhala akudikira kuti mwina wina abwera kudzajambulitsa naye. Anabwera ndi wosesa yekha, kudzamupempha kuti akweze mapazi.

Usiku umenewo kuno ku Hohhot magulu oimba ndi magitala ankasinthana nsanja ndi oimba achimongoliya ochokera kwa abusa a ziweto. Pampando wakutsogolo panali akuluakulu awiri a kampani yojambula nyimbo ku Beijing, ndipo Lou anali atawadikira anthu otere kuyambira dazi lisanamuyambe. Koma asanakwere iye panali Narangowa, mayi wa mawu akuthwa, akuimba nyimbo yaitali ya kwawo yonena za hatchi yowoloka mtsinje, ija liwu limodzi amalikoka mpaka tiyi kuzizira. Lou ataona mmodzi wa alendo a ku Beijing aja akusuzumira wotchi, anazembera kuseri n'kuzula chingwe cha maikolofoni.

Narangowa sanakalipe. Potsika anangomuuza kuti kwawo nyimbo yaitali saisiya panjira, ndipo woidula ndiye amaisenza. Lou anayankha kuti msana wake ndi wolimba, ndipo anyamata a gulu lake anaseka monga amasekera nthabwala zake zonse. Mapeto ake alendo aja anamuuza kuti abwere kuhotela m'mawa adzawaimbire okha asanakwere sitima.

Matakisi anali atagona. Anayenda wapansi, gitala kumsana, akuganizira zimene adzauze atolankhani za umphawi wa ubwana wake, umene kwenikweni sunali woipa kwambiri.

Atayandikira mlatho wakale wa pamtsinje wa Xiaohei anamva kaligo akulira. Pa chisanu chimenechi? Anayamba kuyenda msanga. Kaligo nayenso anafulumira. Anaima. Kaligo anaima.

Pakati pa mlatho panakhala mkulu wina wovala mkanjo wa chikopa cha nkhosa. Pamaondo pake panali kaligo wa mutu wa hatchi, khutu limodzi lothyoka, pakhosi pomangidwa nsalu yobiriwira ngati thambo.

"Hatchi yaima pakati pa mtsinje, mnyamata," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Madzi akuzizira. Iwolotse."

"Madala, ine za ziweto sindiimba. Kagoneni, mwaledzera."

Lou anafuna kumulambalala. Miyendo inakana. Ndipo m'pamene anazindikira chinthu: pakamwa pa iye pankatuluka nthunzi ngati pa ketulo, koma pakamwa pa mkuluyo... palibe.

Kaligo anayambanso. Nyimbo ija! Inakwera, inakwera, inafika pomwe paja chingwe chinazukira... zii.

Mkuluyo anayang'ana Lou. Anadikira.

Lou anatsegula pakamwa. Mawu ake a nyimboyo sankawadziwa. Chimongoliya chake chinkathera poitanitsa nyama yootcha. Anayesa kung'ung'udza. Anayesa kutchula dzina lake, poganiza kuti mwina mkuluyo sanamuzindikire.

Mkuluyo anaimirira. Chipale chofewa sichinalire pansi pa nsapato zake. Anatambasula uta wa kaligo n'kuukhazika pakholingo pa Lou, naukoka kamodzi, pang'onopang'ono. Kuzizira kwake! Kunatsika mpaka m'chifuwa.

"Theka lako ndikusungira, mpaka undibwezere langa," anatero mkuluyo.

Miyendo inamasuka. Lou anathamanga liwiro limene sanathamangepo chichokereni kusukulu. Kumbuyo kunkamveka ziboda za hatchi zikuponda m'madzi, pamtsinje umene unali utauma gwa ndi chisanu.

Kutacha anadziuza kuti unali mowa chabe. Anameta ndevu, anavala magalasi akuda, anakafika kuhotela. Alendo aja anamupatsa mpando. Anayamba bwino ndithu, mpaka mmodzi anasiya kuseweretsa foni. Atafika pakati pa nyimbo, mawu anangoduka. Pakamwa pali yasa, mitsempha ili tolotolo, koma zii. Anayamba ina. Pakati, zii. Yachitatu chimodzimodzi. Alendowo anamuthokoza mwaulemu, namulangiza kuti akadzalemba nyimbo yathunthu adzawadziwitse.

Lou anakamupeza Narangowa kunyumba ya alendo yotchipa pafupi ndi siteshoni, akumwa tiyi wamkaka wothira mchere. Mayiyo sanamupatse kapu. Lou anaima pakhomo, anavula magalasi, nafotokoza zonse mwachibwibwi. Kenako maso ake anagwera pakhoma. Pamsomali panapachikika kaligo wa mutu wa hatchi, khutu limodzi lothyoka, nsalu yobiriwira pakhosi.

Anafunsa kuti mwini wake ali kuti, kuti akamupepese.

"Kupepesa a Dambarinchin? Mwachedwa, a Lou. Amenewo ndi bambo anga. Anafera pamlatho uja ine ndili kamtsikana, chisanu chitawagwira pochokera kuukwati. Anawapeza atakhala tsonga, uta uli m'manja, nyimbo ili pakati. Chaka chilichonse tsiku la dzulo ndimawamalizira kuti agone."

"Ndiye malizani, mayi, chonde. Holo ndilipira ndekha."

"Ine si amene ndinadula."

Lou anafunsa kuti nyimboyo munthu amaiphunzira masiku angati.

"Ine ndinayamba ndisanagule mano," anatero Narangowa, akudzithirira tiyi wina. "Koma inu paja msana wanu ndi wolimba. Ndipo bambo safulumira, anazolowera kudikira pamlatho."