Bwato la Bafa

Mwiza ankafuna kupanga bwato. Koma kwawo kulibe nyanja. Kulibe mtsinje waukulu. Kuli ngalande ya m'dimba basi.

Mwiza amakhala kunja kwa tauni ya Chipata, kufupi ndi msewu wa ku Mtenguleni. Ali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake ndi Sipho. Sipho ali ndi zaka zitatu.

Zonse zinayamba ndi foni. Azakhali anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Anaonetsa ana kanema pa foni. M'kanemamo ana anakwera bwato. M'mbali mwa madzi munali zidole zikuluzikulu. Zidolezo zinkasewera nthano.

"Inenso ndikwere!" anatero Sipho.

"Ndi kutali kumeneko, mwanawe," anatero azakhali. "Ngakhale ine sindinafikeko."

Sipho analira.

"Usalire," anatero Mwiza. "Ndikupangira lako."

Mwiza ameneyu pakamwa sachedwa!

Ngalande imadutsa m'dimba la Amayi. Madzi ake ndi ogawana. Loweruka m'mawa madzi ndi a Amayi. Dzuwa likafika pamutu, madzi ndi a amalume a Bizwell. Amalume amabwera ndi khasu ndi thabwa. Amapatutsa madzi onse, ndipo ngalande ya Amayi imauma.

Mwiza anatenga kope ndi pensulo. Anajambula ngalande. Anajambula malo atatu. Anasankha nthano yakale ya mwana wa m'ng'oma.

Malo oyamba, mwana wabwerera kumtsinje kukatenga mikanda yake. Malo achiwiri, chilombo chamugwira, chamuika m'ng'oma. Malo achitatu, chilombo chagona, amayi ake amutulutsa.

Mwiza anapanga mwana ndi chitsononkho. Anamuveka kansalu kofiira. Anapanga chilombo ndi thumba la makala. Tsitsi lake linali masamba a nthochi. Maso ake anali zitsekerero za mabotolo. Ng'oma inali chidebe chakale.

Nanga bwato? Bwato linali bafa la Amayi, lochapira zovala.

"Bafa langa libwere lamoyo," anatero Amayi. "Ndi mwana wanga yemwe."

Loweruka linafika. Madzi anabwera. Ankafika m'mawondo mwa Mwiza. Amayi anakaima kumapeto kwa ngalande, pa nthochi. Sipho analowa m'bafa. Anagwira uku ndi uku.

Mwiza anayamba nthano. "Panangokhala..."

Fyuu! Bafa linapita.

"Dikira!" anakuwa Mwiza. Bafa silimva.

Mwiza anatola mwana wa chitsononkho uja. Anathamanga. Anafika pa chilombo. Anaponya mwana m'ng'oma, natseka. Sipho anacheuka. Anaona maso a chilombo. Anaona ng'oma ikutsekedwa. Sanaonenso china.

Amayi anagwira bafa pa nthochi. Ulendo unathera pomwepo.

Sipho anatsegula kamwa lonse. "Mwana watsala m'ng'oma! Mwana watsala!"

"Nthano sinathe," anatero Mwiza, ali wefuwefu. "Amayi ake abwera. Kwera kachiwiri, uone."

"Ayi! Limathamanga!"

"Kwera, Sipho."

"Sindikwera, asisi. Ndikuopa."

Sipho anakhala pa mzere wa repu. Ankayang'ana ng'oma. Ng'oma inali chete. Chilombo chinali pambali pake.

Mwiza anakhala pansi. Zinamupweteka mumtima. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali kukwera. Mthunzi wa nthochi unali kufupika.

Amayi anabwerera ku ntchito yawo. Anatenga thabwa. Analiika mopingasa m'ngalande. Madzi anakhota, nalowa mu anyezi.

Tsamba la mango linabwera ndi madzi. Linafika pa thabwa. Linaima. Amayi anachotsa thabwa. Tsamba linapita.

Mwiza analumpha. "Amayi! Ndibwerekeni thabwa!"

"Lachiyaninso?"

"Bwato liziima. Ndikufuna matabwa atatu."

"Ine ndili ndi limodzi," anatero Amayi.

Limodzi. Mwiza anathamangira pansi pa mango. Anachotsa thabwa lokhalapo pa njerwa. Awiri. Anafuna apa. Anafuna apo. Lachitatu panalibe.

Ndiye kunamveka mluzu. Amalume a Bizwell anatulukira. Khasu paphewa, thabwa m'khwapa.

"Mlongo, nthawi yakwana," anauza Amayi.

"Amalume, chonde," anatero Mwiza. "Dikirani pang'ono. Ndibwerekeninso thabwa lanu."

"Iwe Mwiza, tomato wanga ali ndi ludzu. Wafota kale. Iwe ukuti ndidikire bafa?"

Sipho anakoka buluku la amalume. Analoza chidebe.

"Amalume, mwana ali m'ng'oma."

Amalume anayang'ana chidebe. Anayang'ana Sipho. Anayang'ana dzuwa. Anakanda m'mutu.

"Aa, ndiye nkhani ina imeneyo," anatero. "Ulendo umodzi. Umodzi wokha!"

Mwiza anaika matabwa atatu. Limodzi pa mtsinje wa mikanda. Lina pa chilombo. Lina pa nthochi. Ananong'oneza amalume. Ananong'oneza Amayi. Kenako anagwada pamaso pa Sipho.

"Tamvera. Pa nthano, womvera amati chiyani?"

"Tili tonse," anatero Sipho.

"Eya. Bwato liziima pa thabwa. Ine ndizikamba. Silichoka mpaka iwe unene kuti tili tonse."

"Ndikapanda kunena?"

"Silichoka."

Sipho anaganiza. Anapukuta mamina ndi mkono. Analowa m'bafa.

Bafa linayenda. Gu! Linaima pa thabwa loyamba.

"Panangokhala mwana," anatero Mwiza. "Anaiwala mikanda yake kumtsinje. Anabwerera yekha."

"Tili tonse!" anatero Sipho.

Mwiza anachotsa thabwa. Bafa linayenda. Gu! Linaima pa thabwa lachiwiri.

Chilombo chinali pomwepo. Amalume anabisala kumbuyo kwake. Anamenya chidebe. Du! Du! Du!

"Chilombo chinagwira mwana," anatero Mwiza. "Chinamuika m'ng'oma. Chinati, imba! Mwana anaimba. Amayi ake anamva mawu ake."

Mwiza anadikira.

Sipho anali zii. Anatseka maso. Anagwira bafa zolimba.

Mwiza sanachotse thabwa. Amalume anasuzumira dzuwa. Madzi ankadutsa pansi pa thabwa. Bafa silinachoke.

Sipho anatsegula diso limodzi. Chilombo sichinasunthe. Anatsegula linalo. M'maso mwa chilombo munalembedwa dzina la chakumwa.

"Tili tonse," anatero Sipho ndi kamawu kakang'ono.

Mwiza anachotsa thabwa. Amalume ananyamula chilombo ndi ng'oma. Anathamanga m'mbali mwa ngalande. Anatsala pang'ono kuponda anyezi.

Gu! Bafa linaima pa thabwa lachitatu.

"Chilombo chinatopa," anatero Mwiza. "Chinagona."

Amalume anagwetsa chilombo pansi. Nawonso anagona pa udzu. Analiza mkonono waukulu. Khoo! Khoo!

"Amalume, mwanyanya," anatero Mwiza.

"Shii, asisi!" anatero Sipho. "Chidzuka!"

Masamba a nthochi anagwedezeka. Amayi anatuluka. Ananyang'ama. Phazi limodzi. Phazi lina. Anafika pa ng'oma. Anatsegula pang'onopang'ono.

Anatulutsa mwana wa kansalu kofiira.

"Mwana wanga!" anatero Amayi. "Ndakupeza."

"Tili tonse! Tili tonse!" anakuwa Sipho. Anawomba m'manja. Bafa linagwedezeka.

Amayi anamupatsa mwana uja. Sipho anamufungatira.

Amalume anadzuka. Anasansa buluku. Anatenga thabwa lawo ndi khasu lawo.

"Nanenso ndikapulumutse tomato," anatero.

Madzi anayamba kuchepa. Anachepa, anachepa. Bafa linakhala pa matope. Sipho sanatuluke.

"Bwato lafika, bwana," anatero Amayi. "Tsikani."

"Mwana watopa," anatero Sipho. "Sangayende."

Amayi anayang'ana Mwiza. Mwiza anaseka. Amayi anagwira bafa uku. Mwiza anagwira uko. Ananyamula bwato ndi anthu ake omwe.

Panjira Sipho anakweza mwana m'mwamba. Anamuonetsa Mwiza.

"Awa ndi asisi. Ndiwo anapanga bwato."

Kenako anamuonetsa Amayi.

"Awa ndi Amayi. Usalirenso. Tikupita kwathu."